Masewera a Pakhomo Othandiza Ana Kulemba Mawu Molondola

Munthu wa kwa Dambe atati auze mwana wake wa pasukulu kuti alembe kalata yopita kwa amalume ake ku Lisungwi, yopempha ng'oma yoti akaimbe paukwati, mwanayo naiwala kachizindikiro kamodzi kamene kakhala pakati pa g ndi o, kalatayo idzafika ikupempha ngoma, nyama ija ya m'tchire ya nyanga zopotana. Amalumewo adzaseka, nadzatumiza ng'oma ndithu, pakuti adziwa kuti paukwati safuna chinyama chamoyo. Koma wochonga mayeso a Sitandade 8 saseka. Iye angodula malikisi. Ndiponso kalaliki wa ku ofesi akalandira dzina lolembedwa molakwa alikopera momwemo, ndipo mwini dzinalo adzayenda maulendo ambiri kuti likonzedwe.

Makolo ambiri aganiza kuti kuphunzitsa mwana kalembedwe ndi ntchito ya aphunzitsi okha. Aphunzitsi ayesetsa ndithu, koma ana achuluka. M'chaka cha 1994, pamene Boma linathetsa fizi m'sukulu za pulaimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo si chachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana 100 m'kalasi la Sitandade 1. Atati apatse mwana aliyense mphindi imodzi yokha, phunziro litha asanafike ndi pakati pomwe. Kafukufuku wa kuwerenga amene anachitika m'dziko muno m'chaka cha 2010 anapeza kuti ana oposa theka a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani kakafupi ka Chichewa. M'chaka cha 2016 Unduna wa Maphunziro unayambitsa National Reading Programme kuti ulimbikitse kuwerenga m'makalasi oyambirira, ndipo mabuku anafika m'sukulu. Komabe buku silimva mwana akalakwa. Pafunika munthu.

Boma la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, ndipo pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 138,000, lili ndi vuto linanso, ndilo mapiri ndi mitsinje. Nthawi ya dzinja, Lisungwi ndi Wamkulumadzi pamodzi ndi timitsinje tothira m'menemo zikadzaza, ana ena akhala pakhomo masiku angapo osaona khomo la sukulu. Masiku amenewo, ndi madzulo onse a chilimwe, angathe kugwira ntchito. Masewera amene afotokozedwa pano safuna ndalama. Afuna bwalo losesa, kamtengo, khala lozima la pamoto ndi njere za chimanga.

Agogo ndiwo oweruza

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe, pakuti chilembedwa monga chimvekera. Malembo a liwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limveka chimodzimodzi paliponse pamene lakhala. Mawu onse a Chichewa athera ndi limodzi la asanu amenewa. Chotero munthu wodziwa kulankhula bwino, ngakhale sanapondepo m'kalasi, angathe kugwira cholakwa ndi khutu lake, malinga wina amuwerengere zimene zalembedwa popanda kubisa kanthu. Awa ndiwo maziko a masewera ambiri amene ali m'munsimu, ndipo kholo lisanene kuti, “Ine sindinaphunzire, ndingathandize bwanji?”

Sewero loyamba lifuna anthu atatu: wotchula, wolemba ndi wowerenga. Wotchula akhale agogo kapena amayi. Wowerenga apite kuseri kwa nkhokwe, kumene sangamve. Agogo anong'oneze liwu limodzi kwa wolemba, ndipo iye alilembe pansi ndi kamtengo, malembo aakulu. Tsono aitane wowerenga uja, amene ayenera kutchula chokhacho chimene achiona, osati chimene aganiza kuti mnzake anafuna kulemba.

Mwachitsanzo, agogo anong'oneza kuti khola. Mwana alemba kola. Mnzake abwera nawerenga mokweza, “Kola.”

“Kola chiyani, mdzukulu wanga? Mbewa kodi?” afunsa agogo. “Ine ndanena mogona ng'ombe.”

Apo wolemba aona yekha kuti pasowa kanthu, nafufuta ndi phazi, nalembanso. Akakhoza alandira njere imodzi ya chimanga kapena nthanga ya dzungu, naiika m'kadzenje kake konga ka bawo. Wowerenga akayesa kupulumutsa mnzake powerenga khola pamene palembedwa kola, alipira njere ndiye. Akatha mawu asanu asinthane. Ubwino wa sewero limeneli ndi wakuti mwana aphunzira chifukwa chake cha kulemba bwino: mnzake amene sanamve ayenera kumva kupyolera m'malembo okha, monga momwe achitira wolandira kalata.

Lembo lopuma mpweya

Palibe lembo limene ana aliiwala kawirikawiri koposa h. Chifukwa chake n'chakuti mu ph, th, kh ndi tch lemboli lilibe liwu lakelake. Lingosonyeza kuti mpweya utuluke m'kamwa mwamphamvu. Koma likasowa, tanthauzo lisintha. Pala ndi kukanda ndi mpeni, phala ndi chakudya cha m'mawa. Panga ndi kukonza chinthu, phanga ndi nyumba ya fisi. Momwemonso koma ndi khoma, kumba ndi khumba.

Mpweya umenewu ungathe kuonedwa ndi maso. Mwana atole nthenga yofewa ya nkhuku, naigwira pafupi ndi milomo yake. Akanena kuti pala, nthenga ikhala chete kapena ingogwedera pang'ono. Akanena kuti phala, nthenga iwerama. Ana akonda zimenezi kwambiri, ndipo ayamba kuyesa okha mawu onse amene awakumbukira. Wamkulu atchule liwu, ana ayese ndi nthenga, nalemba. Pakapita masiku, nthenga ichotsedwe, khutu ligwire ntchito lokha.

Aphunzitsi akumbukire chinthu chimodzi pano. Mwana akafika m'makalasi amene Chingerezi chachuluka, akumana ndi ph wa mu photo amene amveka ngati f, ndi th wa mu three amene atchulidwa lilime lili pakati pa mano. Ena asokonezeka nayamba kukayika ndi za kwawo zomwe. Auzidwe poyera kuti malembo ndi amodzi koma malamulo ndi awiri.

Sewero lina la h limeneli litchedwe “chimodzi, zambiri”. Ana akhale mozungulira. Woyamba alembe dzina la chinthu chimodzi, womutsatira alembe zambiri zake. Khasu, makasu. Phiri, mapiri. Thumba, matumba. Khutu, makutu. Phazi, mapazi. Sipapita nthawi wina azindikira kuti h athawa ma akafika. Ana a ku Matope, m'mphepete mwa Shire, ali ndi chitsanzo pa dzina la kwawo lomwe, pakuti liwu lakuti matope limodzi lake ndi thope. Ndi bwino kuti wamkulu asawauze lamulo limeneli msanga, alekere kuti alipeze okha, pakuti chimene mwana wadzipezera sachiiwala.

Ana akayamba kudzitama kuti adziwa, wamkulu awatchere msampha. Anene kuti phunziro. Wothamanga adzalemba mapunziro, ndipo khutu la agogo lidzakana, chifukwa anthu anena maphunziro. Chimodzimodzi khalidwe ndi makhalidwe. Mawu awiriwa achokera ku kuphunzira ndi kukhala, ndipo h wawo anabadwa naye, sachoka. Palinso ena amene asintha mwa njira yawo: tsamba ndi masamba, dzira ndi mazira, diso ndi maso, dzino ndi mano. Awa asungidwe kuti akhale a kumapeto, olipira njere ziwiri.

M kapena n?

Funso limeneli lisautsa ndi akuluakulu omwe. M'misika muoneka zikwangwani zolembedwa msima kapena ntengo, ndipo eni ake sadziwa kuti pali chovuta. Pali njira yapafupi yoyesera, ndipo ndi sewero lomwe lija la chimodzi ndi zambiri. Ngati zambiri zake ziyamba ndi mi kapena a, liwu liyambe ndi m: mtengo chifukwa cha mitengo, msika chifukwa cha misika, mkeka chifukwa cha mikeka, mlimi chifukwa cha alimi. M ameneyu ndi mu amene wafupikitsidwa, ndipo potchula amveka payekha. Koma ngati chimodzi ndi zambiri zilembedwa mofanana, monga nkhuku imodzi ndi nkhuku khumi, pamenepo lembo loyamba litsata mnzake wa patsogolo. Pamene milomo igwira ntchito, patsogolo pa b, ph, f ndi v, pakhala m: mbuzi, mphasa, mfuti, mvula. Kwina konse pakhala n: ndodo, nthochi, nsomba, nsima, njoka, nzimbe, ntchentche.

Pobwalo pajambulidwe makola awiri, lina la m lina la n. Wamkulu atchule liwu, ana athamangire m'khola limene aganiza kuti ndi loyenera. Wolowa khola lolakwa atuluke m'sewero, koma angathe kudziwombola polemba liwulo bwino pansi. Poyamba ambiri angotsata mnzawo wochenjera, choncho wochenjerayo nthawi zina apatsidwe ntchito ya kutchula.

Pali kalamulo kenanso kamene kapulumutsa malikisi ambiri. N akatsogola, t ndi k sayenda okha, atenga h: nthawi, nthenga, nkhani, nkhuni. Ndipo ch asanduka tch, monga mu ntchito. Mwana akalemba ntawi kapena nkuni, nthenga ija ibwerenso.

Za ng ndi ng' zanenedwa kale pa nkhani ya amalume a ku Lisungwi. Kachizindikiro kaja aphunzitsi akatcha nkhodolero. Mu ngoma, ngolo ndi ngongole g amveka ndithu. Mu ng'oma, ng'ombe ndi ng'ona liwu lonse lipita m'mphuno, g osamveka. Makola awiri aja angathe kugwira ntchito pamenepanso.

Phada wa maphatikizo

Makolo amene anaphunzira ndi buku lija la Sosa akumbukira kuti kuwerenga anakuyamba ndi maphatikizo, ndiwo timagawo ta liwu monga ma, me, mi, mo, mu. Njira imeneyi iyenerana ndi Chichewa, pakuti mawu ake amangidwa ngati mikanda yotungidwa pa ulusi, phatikizo lililonse lothera ndi lembo la liwu.

Asungwana adziwa kale kujambula phada. Chowonjezera n'chakuti m'chipinda chilichonse mulembedwe phatikizo limodzi. Phada wa zipinda zisanu ndi zitatu angathe kukhala ndi su, ku, lu, ma, ka, nda, la, mba. M'menemo muli sukulu, makasu, makala, ndalama, kamba, lamba, kumba, ndiponso kalulu, amene afuna kudumpha kawiri m'chipinda chimodzi. Wosewera adumphe ndi mwendo umodzi kuchokera phatikizo lina kufika lina, akutchula mokweza, ndipo akatuluka alembe liwu lonse pambali osayang'ana m'mbuyo. Liwu limene wina walidumpha kale silibwerezedwa, chotero omalizira ayenera kuganiza kwambiri. Mawa lake maphatikizo asinthidwe. Anyamata amene ati phada ndi wa asungwana angolekedwa. Akaona njere zikuchuluka kwa alongo awo abwera okha.

Mvula ikagwa, sewero lomweli lilowe m'nyumba. Zitsekerero za mabotolo, zimene zigwa zambiri m'misika ya Zalewa ndi Ligowe, zitoledwe, ndipo m'kati mwa chilichonse mumatidwe kapepala kolembedwa phatikizo. Kopanda zitsekerero, katoni yakale idulidwe tizidutswa. Aliyense atape zisanu m'lichero osayang'ana, nayesa kumanga liwu. Angathe kugulana: “Ndipatse mba wako, ndikupatsa ka wanga.” Mwana wamng'ono amene dzanja lake silinakhwime pogwira pensulo angathe kusewera nawo, pakuti apa angosanja.

Maphatikizo olemera ndiwo afuna nthawi. Liwu lakuti Neno liombedwa m'manja kawiri ndipo lili ndi malembo 4. Liwu lakuti nkhwangwa liombedwanso kawiri, koma malembo ake ndi 9. Mwana amva kuomba kuwiri, nafulumira, nataya h kapena w panjira. Pa mawu otere, monga nkhwani, nkhwali, mphwayi, mphwanga ndi chingwe, wamkulu aike miyala pansi yokwanira malembo a liwulo, ndipo mwana alembe lembo limodzi pansi pa mwala uliwonse. Mwala ukatsala wopanda lembo, adziwa kuti wina wathawa, namufunafuna.

Pamene khutu lilephera

Pali malo amodzi pamene agogo sangathe kuweruza, ndipo ndi bwino kunena zoona. Kwa wolankhula Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi. Munthu atati anene lero kapena lelo, palibe amene angamve chinthu china. Pano pagwira ntchito lamulo la olemba. Lembo la e kapena i likatsogola, palembedwe r: lero, mbiri, phiri, kulira, kulera. Kwina konse palembedwe l: malo, khola, chulu, mbale. Ndipo palibe liwu la Chichewa loyamba ndi r.

Sewero la unyolo liphunzitsa zimenezi popanda ulaliki. Woyamba alembe liwu, wachiwiri ayambe lake ndi phatikizo lomaliza la mnzake, chomwecho mpaka bwalo litadzaza. Neno, nona, nama, malo, lowa, wala, lamba, mbale, lero. Apa unyolo uima. Mwana wotsatira akanda m'mutu kufuna liwu loyamba ndi ro, ndipo salipeza. Wamkulu tsono amuuze kuti ro akapita kutsogolo avala malaya a lo, ndipo unyolo upitirira: loto, tola. Ana ochenjera ayamba kusankha dala mawu othera ndi ra, ri ndi ro kuti akole anzawo, ndipo potero lamulo lawalowa.

Lamuloli lili ndi khomo lotulukira. Pamene l ali woyamba wa tsinde la liwu, ndipo i wa m'mbuyo ndi wa kagawo kongowonjezera, l akhalabe: chilala, chilimwe, lilime, ndili, zili. Dzina la Lilongwe lisunganso l wake. Ana a Sitandade 1 ndi 2 asalemetsedwe ndi zimenezi, zidikire atakula.

Ndagi za madzulo

Mwambo wa ndagi ulipo kale m'midzi, ndipo ufuna kusintha kumodzi kokha: yankho lisatchulidwe pakamwa, lilembedwe. Wofunsa akati “Ndagi!” ena nayankha “Gize!”, aliyense akhale ndi khala lake ndi chidutswa cha katoni kapena mwala wosalala. Wofunsa anene, mwachitsanzo, “Anandiveka chikopa cha mbuzi, ndipo akandimenya anthu akondwa.” Onse alembe mwakachetechete, nakweza pamodzi pafupi ndi nyali. Wopeza yankho alandira njere imodzi. Wolilembanso bwino, nkhodolero ali m'malo mwake, alandira ziwiri.

Ana apeka ndagi zawo akalimbikitsidwa, zina zosamveka ndithu, koma zimenezo zilibe kanthu. Wamkulu angathe kufunsa kuti, “Ndi liwu liti limene mbalame ziteramo, ndiponso wogula manachesi alifunsa pamsika?” Yankho ndi mtengo. Pakamwa mawu awiriwa asiyana, pakuti lina likwera lina litsika, koma kukwera ndi kutsika kwa mawu sikulembedwa m'Chichewa cha masiku onse. Wowerenga azindikira ndi mawu oyandikana nawo.

Kalembedwe ka agogo aamuna

M'nyumba zambiri muli mabuku akale a tchalitchi, ndipo m'boma lino, kumene mishoni za Neno ndi Matandani zakhala zaka zoposa 100, mabuku otere sasowa. Mwana akatsegula apeza cifukwa, nchito, mbvula, pfupa, ciri conse. Athamangira kunena kuti buku lalakwa, kapena agogo amene anaphunzira kale amudzudzula kuti iye ndiye walakwa polemba chifukwa. Onse awiri alibe mlandu.

Mbiri yake ndi iyi. Amishoni ndiwo anayamba kulemba chilankhulochi m'mabuku. David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja m'chaka cha 1892, ndipo Buku Lopatulika linatuluka m'chaka cha 1922. Kwa zaka zambiri m'sukulu analemba c pamene lero palembedwa ch, ndi ch pamene lero palembedwa tch. M'chaka cha 1968 chilankhulochi chinasankhidwa kukhala cha dziko lonse, ndipo dzina lake linasintha kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, nilitulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Kuyambira 1996 ntchito yosamala chilankhulo inapita m'manja mwa Centre for Language Studies ya University of Malawi. Ku Zambia c uja akadalipo, ndipo kumeneko alemba Cinyanja. Kutsidya kwa malire, ku Mozambique, kumene anthu a kumapiri a Neno ali ndi abale, kalembedwe ka Chipwitikizi kaika nh pamene kuno palembedwa ny.

Kusiyana kumeneku kungathe kusanduka sewero labwino la ana a Sitandade 5 kupita m'tsogolo. Agogo asankhe mizere itatu m'buku lawo lakale, ndipo ana apikisane kupeza mawu onse amene avala zakale, nawaveka zatsopano. Agogo akondwa chifukwa buku lawo latsegulidwa, ndipo mwana aphunzira kuti kalembedwe ndi pangano la anthu. Pa mayeso atsate pangano la lero.

Chingerezi chifuna maso

Zonse zimene zanenedwa za khutu zithera pa Chichewa. Chingerezi chili ndi malembo 26, koma maliwu ake aposa 40, ndipo mawu ambiri asunga malembo amene anthu analeka kuwatchula zaka mazana apitawo. Mu knife k samveka, mu night g ndi h samveka, mu Wednesday d woyamba angokhala. N'chifukwa chake ku America kuli mpikisano wa dziko lonse wa kutchula malembo a mawu, umene unayamba m'chaka cha 1925. Mpikisano wotere wa Chichewa ungachedwe kutha, pakuti ana ambiri a Sitandade 6 sangagwe msanga.

Pa Chingerezi mwana ayenera kuona liwu, kulisunga m'maso, ndi kulitulutsa. Mkulu wake alembe liwu limodzi pansi kuchokera m'buku la kusukulu. Wamng'ono aliyang'ane mpaka atawerenga khumi. Tsono livundikiridwe ndi lichero, iye alilembe pambali, ndipo lichero lichotsedwe kuti afananitse lembo ndi lembo. Kholo losadziwa Chingerezi lingathe kuweruza pamenepanso, chifukwa kuona ngati zithunzi ziwiri zifanana sikufuna sukulu. Mawu asapitirire asanu pa tsiku, ndipo a dzulo abwerezedwe lero asanayambe atsopano. Liwu loonedwa masiku atatu osiyana likhazikika koposa loonedwa kakhumi tsiku limodzi.

Pali mawu ena amene ali ndi abale mbali zonse ziwiri: sukulu ndi school, buku ndi book, supuni ndi spoon, tebulo ndi table, sopo ndi soap. Mwana mmodzi alembe wa kuno, mnzake alembe wa kutsidya kwa nyanja, nawerenga malembo amene Chichewa chawonjezera. Adzaona kuti Chichewa sichilola liwu kuthera pa lembo lopanda liwu, ndipo adzaleka chizolowezi chija cholemba booku kapena schoolu pa mayeso a Chingerezi.

Zoyenera kusamala

Chikwapu chisayandikire pa masewera amenewa. Mwana amene wamenyedwa chifukwa cha h adzaphunzira kubisa zolemba zake, ndipo wobisa sathandizika. Kunyoza nakonso kupweteka. Wolakwa asekedwe pang'ono monga asekedwa wogwa pa phada, osati kupatsidwa dzina. Nthawi ikhale yaifupi, monga imene mphika wa nsima utenga pamoto, ndipo sewero lithe ana akulifunabe.

Pamakomo ambiri nthawi imene anyamata akhala pabwalo ndiyo imene msungwana ali kumadzi kapena akutsuka mbale. Sewero lidikire mpaka iye atamaliza, kapena alongo ake amuthandize kuti onse ayambire pamodzi. Ndipo ngati pali mwana amene ayesetsa koma asinthanitsa b ndi d chaka ndi chaka, kapena ayandikiza nkhope yake pafupi kwambiri ndi malembo, kapena samva mawu onong'onezedwa, makolo asati ndi ulesi. Akauze mphunzitsi, ndipo akayezetse maso ndi makutu kuchipatala.

Lamya za m'manja zabweretsa kalembedwe kodula, monga bwnj m'malo mwa bwanji. Akuluakulu achita zimenezi pofuna kufulumira, koma mwana amene sanakhwime atengera. Pakhomo pakafunika kutumiza uthenga kwa achibale a ku Blantyre kapena ku Joni, mwana apatsidwe lamya kuti alembe ndiye, mawu onse athunthu, ndipo awerengere makolo ake asanatumize.

Aphunzitsi angathe kulumikiza sukulu ndi mudzi mosavuta. Lachisanu lililonse ana akopere mawu asanu a Chichewa ndi asanu a Chingerezi oti akasewere nawo kwawo, osankhidwa kuchokera pa zolakwa zimene zaoneka m'makope sabata imeneyo. Pamsonkhano wa makolo mphunzitsi asonyeze sewero limodzi pabwalo, nthenga ili m'manja, pakuti makolo ambiri achita manyazi kuyamba chinthu chimene sanachionepo.

Nyengo yogulitsa manachesi, mbatatesi kapena nandolo ikafika, mwana wa Sitandade 4 apatsidwe kope lakelake. Alembemo tsiku, dzina la wogula, mudzi wake, chimene watenga ndi ngongole imene yatsala. Dzina lililonse alitchule mokweza kwa mwini wake asanachoke, ndipo mwiniyo avomere kuti ndi lomwelo. Kopelo lisungidwe pouma, m'thumba la pulasitiki, ndipo kamodzi pa mwezi mwanayo apite nalo kwa mphunzitsi kuti aone malembo amene akali kuthawa.